Chaka chimene Hearts, Hibs ndi Rangers zinakumana mu ligi yachiwiri ya Scotland

Tadala: Odi akuluakulu apagulu pano. Ndafika ku Edinburgh mwezi wathawu kudzaphunzira, ndipo chipinda ndapeza ku Gorgie. Loweruka ndinatuluka kukagula ndiwo, ndinangoona msewu wonse wadzaza anthu ovala zofiira moderako, agogo, anyamata, azimayi ogwira ana padzanja. Mayi amene ndikukhala m'nyumba mwawo akuti timuyo ndi yawo, osati kungoichemerera koma eni ake ndi iwowo, ndipo amasonkha mwezi ndi mwezi. Akuti zinayamba timu itagwa mu ligi. Chingerezi chawo chimathamanga, ndinangotolapo pang'ono. Alipo angandifotokozere bwino?

Bambo a Chikondi: Takulandirani mwanangu. Mwakhala pakhomo penipeni pa Tynecastle, bwalo la Heart of Midlothian, imene aliyense amangoti Hearts. Mayiwo sananame. Ine ndinafika m'dera lomwelo mu 2010, ndiye nkhaniyi ndinaiona ndi maso. Timu inali m'manja mwa Vladimir Romanov, mkulu wabizinesi wa ku Lithuania. Ankabweretsa osewera odula, malipiro okwera, ndipo Scottish Cup anaitenga kawiri, 2006 ndi 2012, kachiwiriko atathibula Hibs (Hibernian, adani awo a mu Edinburgh momwemo) 5-1. Koma chisangalalo chonsecho chinali cha pangongole. Banki yake, Ukio Bankas, itagwa mu 2013, Hearts inatsala ndi ngongole ya mapaundi pafupifupi 25 miliyoni. Mu June chaka chomwecho timu inaperekedwa kwa anthu oyendetsa makampani ogwa, inalandidwa mapointi 15 ligi isanayambe n'komwe, n'kuletsedwanso kugula osewera. Chaka chonse anasewera ndi ana a ku akademi, ndipo mu 2014 inatsika.

Chimene mayiwo anafupikitsa n'chakuti kusonkha kunayamba timu isanatsike, pa nthawi imene anthu ankaopa kuti ithetsedwa basi, bwalo ligulitsidwe amangepo nyumba. Masapota anadzisonkhanitsa m'bungwe la Foundation of Hearts, anthu ngati 8,000, aliyense kulola kuti banki izidula kangachepe mwezi uliwonse, ena mapaundi 10 okha. Mayi wina wabizinesi ya makompyuta, Ann Budge, anaika mapaundi 2.5 miliyoni kuti awombole timu, pa pangano loti masapota akamubwezera adzawapatsa umwini. Mu August 2021 anawapatsadi.

Mavuto wa ku Ndirande: Koma akulu, timu ngati imeneyo ikatsika si kungodutsa? Tiyerekeze Maule kapena Manoma atatsikira mu ligi ya m'chigawo, ndani angawaimitse? Ine sindikuona chodabwitsa kuti anabwerera.

Che Yusufu: Achimwene Mavuto, yerekezani bwino. Osati Maule okha, koma Maule, Manoma ndi Silver onse atsike chaka chimodzi, malo okwera mosavuta akhale amodzi okha. Ndi zimene zinachitika mu 2014/15. Ligi ya matimu 10, iliyonse kukumana ndi inzake kanayi, magemu 36. Woyamba amakwera. Wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi amachotsana, wotsalayo akamenyane ndi timu ya nambala 11 ya mu ligi yaikulu. Ndipo mu ligi imeneyo munali Rangers, timu imene bwalo lake la Ibrox limalowa anthu 50,000. Kampani yake inathetsedwa mu 2012 chifukwa cha ngongole, makamaka ya msonkho, ndiye anayambira pansi mu ligi yachinayi. Anakwera 2013, anakweranso 2014 osagonjako gemu ya ligi ngakhale imodzi. Aliyense kuno ku Glasgow ankati chaka chachitatu n'chongomalizitsa ulendo. Tadala mwanangu, langizo limodzi: nkhani yoti Rangers ya lero ndi yomwe ija kapena ndi yatsopano musaiyambitse m'basi kapena kuntchito. Anthu amadana nayo zenizeni.

Mayi Nabanda: Ndipo musatisiye a Hibs. Ife sitinagwe ndi ngongole, tinagwa ndi mpira woipa, zimene zimapweteka mwina kuposa. Chaka chimene Hearts inayamba ndi mapointi 15 olandidwa, ku Leith kuno anthu ankati tikhala tikuwaonera akutsika. Mapeto ake tinatsika nawo limodzi. Tinapambana 2-0 kwawo kwa Hamilton, timu ya mu ligi yachiwiri imene inkafuna malo athu, mu gemu yoyamba yochotsana, n'kudzagonja 2-0 pakhomo pa Easter Road, chigoli chachiwiri cha m'nthawi yowonjezera ya refa, kenako mapenate. Ndinali pa shifiti ya masana tsiku limenelo, ndipo gogo wina amene ndinkamusamalira anandiuza kuti ndithimitse wailesi, n'kutembenukira kukhoma. Sanadye chakudya chamadzulo. Kochi Terry Butcher anachotsedwa, kunabwera Alan Stubbs kudzamanga timu kuyambira pa maziko.

Bambo a Chikondi: Eya, ndiye taonani mmene chaka chinayambira. Gemu yoyamba, 10 August 2014, Hearts inapita ku Ibrox. Kaputeni Danny Wilson anagoletsa ndi mutu. Nthawi itatha Nicky Law anabweza, bwalo lonse phokoso, anthu akuti basi 1-1. Mpira utangoyambikanso pakati, Osman Sow anathamanga nawo n'kuuponya muukonde. 2-1. Sabata yotsatira anagonjetsa Hibs 2-1 pa Tynecastle. M'masiku asanu ndi atatu anali atagwetsa adani onse awiri, ndipo kuchokera pamenepo sanayang'anenso m'mbuyo. Kugonja koyamba mu ligi kunabwera mu January, 3-2 ndi Falkirk.

Chimene ndimafuna anthu amve ndi mmene timuyo inamangidwira. Ann Budge atangolowa anachita zinthu zowawa. Gary Locke, mphunzitsi amene anapirira ndi ana aja chaka chonse cha mavuto, sanamupatse kontrakiti ina, ndipo osewera ena akuluakulu anawamasula. Anthu anadandaula, inenso ndinadandaula. Anaika Craig Levein kuyang'anira za mpira zonse, Robbie Neilson, mnyamata woti sanaphunzitsepo timu yaikulu, n'kukhala kochi. Ana amene anamenyedwa chaka chathacho, Callum Paterson, Jamie Walker, Sam Nicholson, Billy King, anali atakhwima. Pakati anaikapo anthu awiri odziwa ntchito, Morgaro Gomis wa ku Senegal ndi Prince Buaben wa ku Ghana, amene anaseweraponso limodzi ku Dundee United. Awiriwo ndi amene ankandikokera ku bwalo. Gomis sankathamanga pachabe, ankangolandira, kutembenuka, kupereka, gemu yonse ikuyenda pa phazi lake.

Mayi Nabanda: Alamu, nenaninso za mwayi. October pa Easter Road tinkatsogola 1-0, inu mutatsala 10, nthawi itatha. Alim Öztürk, wotseka kumbuyo, anangoumenya ali kutali ngati mayadi 40, mpira n'kugunda chitsulo chapamwamba n'kulowa. Akanaumenya kakhumi, kasanu n'kanayi ukanapita kwa anthu.

Bambo a Chikondi: Chigoli chimenecho ndikuvomera achemwali, chinali cha kamodzi pa moyo. Koma mwayi supatsa munthu mapointi 91. Anapambana 29, kufanana mphamvu kanayi, kugonja katatu, zigoli 96. Hibs 70, Rangers 67. Kusiyana kwa mapointi 21 si kwa mpira umodzi wogunda chitsulo.

Che Yusufu: Apa ndiye ndikusiyana nanu pang'ono, Bambo a Chikondi. Hearts inali yabwino, sindikukana. Koma Rangers inadzigwetsa yokha, ndipo ikanakhala pamtendere mpikisano ukanafika mwezi wa May. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala ku Govan, kuyenda pansi mphindi zochepa kufika pa Ibrox. Chaka chonsecho nkhani sinali ya pabwalo, inali ya mu ofesi. Ndalama zinkatha, timu inkakhalira ngongole za Mike Ashley, mwini wa Newcastle United panthawiyo, ndipo masapota ambiri anakana kugula matikiti a chaka kapena majezi pofuna kukhaulitsa akuluakulu a bodi. Bwalo limene linkadzaza mu ligi yachinayi linayamba kuoneka mipando. Anabweza Kris Boyd ndi Kenny Miller, mayina akuluakulu, koma Boyd zigoli zinamuuma. Mnyamata amene ankasewera bwino koposa, Lewis Macleod, anamugulitsa ku Brentford pakati pa sizoni. Kochi Ally McCoist anapereka kalata yosiya ntchito mu December, anamukhazika kunyumba, wachiwiri wake Kenny McDowall n'kugwirizira, nayenso posakhalitsa anapereka kalata yake. Ku Newcastle kunachokera osewera asanu obwereka tsiku limodzi, koma amene anathandizadi ndi Haris Vučkić yekha. Wina, Gaël Bigirimana wobadwira ku Burundi, sanasewereko n'kamodzi komwe.

Usiku umene sindidzauiwala ndi Lachisanu lina mu January 2015, Rangers ndi Hearts. Chipale chofewa chinagwa madzulo onse. Ndikuchokera kuntchito ndinapeza gulu la anthu pakhomo lalikulu la bwalo, la njerwa zofiira lija, akukuwa kuti bodi ichoke, apolisi a pa akavalo ataima pakati, mpweya wa akavalo ukuchita utsi ndi kuzizira. Mkati gemu inayamba pabwalo loyera mbee, osewera akungoterereka, ndipo refa anaithetsa mphindi 30 zisanakwane. Anthu anatuluka ena akutukwana, ena ali chete. Bambo wina wachikulire anaima pafupi nane pa siteshoni ya sitima yapansi, sikafu ili kukamwa, misozi ikutsika. Sindinamufunse kanthu.

Bambo a Chikondi: Che Yusufu, zimene mwafotokozazo ndi zomwe ine ndikunena, mwangoziyambira mbali ina. Matimu awiri onse anapsa ndi moto umodzi, wa eni ake odya za mawa. Ina masapota ake ankapereka ndalama mokondwa chifukwa ankadziwa kumene ikupita. Inayo masapota ankabisa ndalama chifukwa sankakhulupirira olandira. Rangers inali ndi malipiro okwera kuposa timu ina iliyonse mu ligi imeneyo, koma inathera pachitatu.

Che Yusufu: Pamenepo ndiye tagwirizana. Wabizinesi Dave King atapambana voti ya eni masheya pa 6 March n'kuchotsa bodi ija, anthu anabwerera ku bwalo. Kungoti madzi anali atafika kale m'khosi. Stuart McCall anapatsidwa timu kutatsala miyezi iwiri ndi theka.

Mayi Nabanda: Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero, ligi Hearts anaitenga ali pakhomo osasewera, pa 22 March, chifukwa ife tinagonja 2-0 ndi Rangers pa Easter Road. Rangers yomweyo tinali titaigonjetsa katatu: 3-1 ku Ibrox, 4-0 kwathu pa 27 December, 2-0 ku Ibrox kachiwiri. Ya 4-0 ija ndinalipo, mwana wanga anandigulira tikiti ya Khirisimasi. Scott Allan tsiku limenelo ankapereka mipira ngati akuona bwalo ali padenga. Jason Cummings, mnyamata wa zaka 19, ndi amene anamwetsa zigoli zambiri mu ligi yonse, 18. Timu ya Stubbs inachedwa kudzuka, miyezi iwiri yoyamba inataya mapointi ambiri, koma kuyambira pamenepo inkasewera mpira wokoma kuposa wina aliyense. Ndimanena ndithu, kuposa Hearts.

Malume Gondwe: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za njovu zitatu, udzu umene zinkapondapo palibe akuutchula. Mu ligi imeneyo munalinso Falkirk, Queen of the South, Raith Rovers, Dumbarton, Livingston, Alloa ndi Cowdenbeath. Ine ndimakhala ku Fife, ndipo bwalo la Cowdenbeath, Central Park, ndi limene ndinkapitako. Tadala, mukadzaliona mudzadabwa. Kuzungulira bwalo kuli msewu wa mpikisano wa magalimoto ogundana, ndiye pakati pa iwe ndi osewera pali phula, matayala ndi waya. Tauniyo inali ya migodi ya malasha, migodi inatsekedwa kalekale. Timuyo amaitcha Blue Brazil. Osewera ake, ngati a Alloa ndi Dumbarton, anali anthu ogwira ntchito zina masana, kuphunzira mpira madzulo kawiri pa sabata. Anthu otere ndi amene ankakumana ndi Rangers kanayi pa chaka.

Bambo a Chikondi: Malume, ndikudziwa kumene mukupita. 28 February.

Malume Gondwe: Komweko. Hearts 10, Cowdenbeath 0. Genero Zeefuik, chimunthu chachikulu chobwereka ku Groningen, anagoletsa zitatu m'mphindi zosakwana zinayi. Inu munali mbali yosangalala. Ine ndinali m'kagulu kochepa ka alendo pakona, ndipo chimene ndinaona n'chakuti palibe mnyamata wa Cowdenbeath anagona pansi kunamizira kuvulala kuti nthawi ithe. Goloboyi ankatola mpira muukonde, kuuponya pakati, kuyambiranso. Lolemba lake anthu amenewo anadzuka kupita kuntchito, anzawo onse ataona zigoli pa TV. Tsono Loweruka lotsatira, pa 7 March, Rangers inabwera pa Central Park. 0-0. Anyamata omwewo, kochi yemweyo Jimmy Nicholl. Refa ataimba wezulo yomaliza, mkulu amene ndinkaima naye pa waya chaka chonse anandigwira dzanja ndi manja awiri osanena kanthu. Mukandifunsa gemu ya chaka chimenecho, ine ndimatchula imeneyo.

Ndipo si Cowdenbeath yokha. Alloa inali kumbuyo 2-0 ndi Rangers mu semifainolo ya Challenge Cup, chikho cha matimu a m'maligi apansi, kutatsala mphindi zosakwana 20, n'kupambana 3-2. Queen of the South ya ku Dumfries inagonjetsa Rangers 2-0 ndi 3-0 pabwalo lawo la Palmerston n'kuthera pachinayi. Falkirk inachotsa Hibs mu semifainolo ya Scottish Cup n'kukagonja 2-1 mu fainolo ndi Inverness.

Tadala: Malume, Livingston imeneyo ndi ya David Livingstone wathu uja?

Malume Gondwe: Ayi mwanangu, ambiri timaganiza choncho tikangofika. Dzina la tauniyo ndi lakale kuposa iye. Kwawo kwa Livingstone ndi ku Blantyre ya kuno, kufupi ndi Hamilton ndi Motherwell, ndipo nyumba imene anabadwiramo ilipo, anthu amakaiona. Livingston ya mpirayo chaka chimenecho inalandidwa mapointi 5 pa nkhani ya msonkho, inakhala pansi pa tebulo nthawi yaitali, koma inatenga Challenge Cup pogonjetsa Alloa 4-0 n'kupulumuka tsiku lomaliza. Amene anatsika ndi Cowdenbeath. Sanabwererenso. Anapitirira kutsika mpaka mu 2022 anatulukiratu mu maligi anayi a dziko atagonja ndi Bonnyrigg Rose.

Mavuto wa ku Ndirande: Malume mwandikumbutsa kwathu. Ndisanabwere m'tauni ndinasewerako timu ya m'boma lathu mu ligi ya m'chigawo. Inkayendetsedwa ndi bambo mmodzi wa golosale ndi chigayo. Iye ndiye ankagula mipira, kulipira oyimbira, kutipatsa ya sopo. Kupita kukasewera kutali tinkakwera lole yake, kukhala pa matumba a chimanga, kufika miyendo itauma, kuvala jezi kuseri kwa kalasi n'kulowa m'bwalo. Chaka china tinatsala pang'ono kupambana chigawo chathu. Chaka chotsatira bizinesi yake inavuta, timu inathera pomwepo, sitinamalize n'komwe magemu. Anthu mazanamazana amene ankadzaza bwalo Lamlungu palibe anafunsidwa kanthu, ndipo palibe anaganiza kuti angachitepo kanthu. Ndiye ndikamamva za anthu 8,000 osonkha, mtima ukundiwawa. Koma kwathu kuno zingatheke? Munthu wopeza movutikira angapereke mwezi ndi mwezi?

Che Yusufu: Ndalama si vuto loyamba achimwene. Anthu omwewo amasonkha kutchalitchi, kumzikiti, kumaliro, ku banki m'khonde, ndipo pafoni kutumiza K500 n'kosavuta. Funso ndi loti wasunga ndani, ndipo adzationetsa liti mabuku. Ndalama za pageti zokha timadziwa mmene zimasowera.

Bambo a Chikondi: Ndi pamene a Hearts anachita bwino. Ndalama sizinkapita m'thumba la munthu, zinkapita ku bungwe lolembetsedwa, la atsogoleri osankhidwa ndi mamembala, ndipo chaka chilichonse ankanena zimene zalowa ndi kumene zapita. Chinanso, masapota sanalowerere kusankha osewera kapena kuchotsa kochi. Umwini ndi wawo, koma ntchito anasiyira odziwa. Kwathu tikati timu ndi ya masapota nthawi zambiri timatanthauza kuti komiti ya masapota ikhoza kutseka geti ya pa training kochi asalowe. Ku Gorgie sizinali choncho. Mayi amene Tadala akukhala nawo sadziwa n'komwe nambala ya foni ya kochi, koma timu singagulitsidwe popanda mamembala ngati iwo kuvomera.

Mayi Nabanda: Musaiwale kuti panapezekanso munthu wa mapaundi 2.5 miliyoni wolola kudikira zaka zisanu ndi ziwiri n'kupereka timu monga analonjezera. Anthu otero sapezeka pamsika. Popanda iye kusonkha kuja kukanachedwa, timu itafa kale.

Bambo a Chikondi: Zoona, ndipo ndimamulemekeza. Koma iyenso sakanaika ndalama zake akanapanda kuona kuti kumbuyo kuli anthu masauzande osatopa. Anapitiriza kusonkha timu itakwera, anathandiza kumanga mbali yatsopano ya bwalo imene inatsegulidwa mu 2017, ndipo mpaka lero sanasiye.

Tadala: Nanga Rangers ndi Hibs zinatha bwanji chaka chimenecho? Mwandisiya m'malere.

Che Yusufu: Rangers inachotsa Queen of the South 3-2 pa magemu awiri, kenako Hibs 2-1 pa magemu awiri. Inafika kwa Motherwell, timu ya nambala 11 ya mu ligi yaikulu ija, itasewera magemu anayi olemera m'masabata awiri. Ku Ibrox inagonja 3-1. Ku Fir Park, kwawo kwa Motherwell, pa 31 May mpira wa Marvin Johnson unagunda munthu n'kukwera m'mwamba, goloboyi Cammy Bell pobwerera m'mbuyo anauphonya pofuna kuumenya ndi chibakera, n'kugwera nawo mugolo. Inatha 3-0, zonse pamodzi 6-1. Wezulo italira, Lee Erwin wa Motherwell anakankha Bilel Mohsni wa Rangers kumsana, Mohsni n'kumubwezera theche ndi chibakera kumaso, dziko lonse likuonera. Rangers inakwera chaka chotsatira ndi Mark Warburton.

Mayi Nabanda: Ife tinakhalamo zaka zitatu, mpaka 2017. Koma tili mu ligi yachiwiri momwemo, mu May 2016, tinatenga Scottish Cup koyamba chichokere 1902, pogonjetsa Rangers 3-2 ndi mutu wa David Gray nthawi itatha. Gogo uja wa wailesi anali atatisiya miyezi ingapo m'mbuyo mwake. Mwana wake anapita ndi sikafu yake ku Hampden, bwalo la fainoloyo.

Malume Gondwe: Tadala, Tynecastle ndi Easter Road mudzapita, akuluakuluwa adzakutengani. Koma Loweruka lina mudzakwere sitima pa Haymarket, muwoloke mlatho wa Forth, mutsike pa Cowdenbeath. Bwalo lili pafupi ndi siteshoni, tikiti mumagula pageti pomwepo. Ndidzakudikirani papulatifomu. Mudzavale jekete ziwiri ndi masokosi okhuthala, mphepo ya pamenepo imalowa m'mafupa.

Tadala: Zikomo malume, ndibwera. Ndikamaliza mayeso oyamba ndikulemberani kumbali tipangane tsiku.